Mlandu wa Nyumba pa Nyanja ya Moosehead: Malonjezo Adapita, Nkhalango Idatsala

M'mwezi wa Julayi chaka cha 2020, bungwe la Boma loyang'anira kagwiritsidwe ka malo m'chigawo cha Maine, ku United States of America, lidafafaniza chilolezo chomangira nyumba zoposa 2,000 m'dera la nyanja ya Moosehead. Amene adapempha kuti chifafanizidwe sadali adani a ntchitoyo ayi, koma eni malo omwe. Chilolezocho chidatenga zaka zinayi ndi miyezi kuti chiperekedwe, ndi zaka zina ziwiri ndi theka kuti makhoti achitsimikize. Koma pofika tsiku lochifafaniza padalibe ndi nyumba imodzi yomwe imene idamangidwa mwa mphamvu yake.

Munthu wongomva nkhaniyi pamwamba akhoza kunena kuti akuluakulu aja adangotaya nthawi ndi mapepala. Koma woiyang'anitsitsa adzaona kuti pa ntchito yonseyo padatsala chinthu chimodzi chachikulu chimene palibe angachichotse, ndipo chidatsala chifukwa cha momwe akuluakuluwo adamangira mfundo za chilolezo.

NYANJAYO NDI ENI AKE

Moosehead ndiyo nyanja yaikulu koposa zonse za m'kati mwa chigawo cha Maine, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, kufupi ndi malire a Canada. M'litali mwake ndi mailosi pafupifupi 40, ndipo kukula kwake n'kocheperako poyerekeza ndi nyanja ya Malombe. M'nyengo yachisanu madzi ake amaundana pamwamba, kotero kuti munthu amayendapo ndi miyendo. Dzina lake lidachokera ku moose, nyama yaikulu ngati ntchefu imene imapezeka m'nkhalango zozungulira. Tauni ya Greenville, imene ili kumwera kwa nyanjayo, ili ndi anthu osafika 2,000.

Mbali yaikulu ya malo ozungulira nyanjayi ilibe khonsolo yakeyake, pakuti anthu okhalamo ndi owerengeka. Malo otere m'chigawo cha Maine ndi maekala oposa 10 miliyoni, pafupifupi theka la chigawo chonse. Chifukwa cha ichi, m'chaka cha 1971 nyumba ya malamulo ya chigawocho idakhazikitsa bungwe la Land Use Regulation Commission kuti ligwire ntchito imene komiti ya mapulani imagwira m'tauni. Pa nthawi ya mlanduwu mamembala ake adali asanu ndi awiri, osankhidwa ndi Bwanamkubwa wa chigawo.

Nkhalangozo zidali m'manja mwa makampani a matabwa ndi a mapepala kwa zaka zambiri, ndipo mwa mwambo anthu ankaloledwa kulowamo kukasaka nyama, kukaweza nsomba ndi kukapumula. M'chaka cha 1998 kampani ya Plum Creek, ya ku mzinda wa Seattle, idagula maekala 905,000 kwa kampani ya Sappi. Eni atsopanowa adaona msanga kuti ekala imodzi yoyang'ana ku madzi, ikagulitsidwa kwa munthu wolemera wofuna nyumba yopumuliramo, imabweretsa ndalama zoposa mitengo yonse yomera pamenepo.

PEMPHO LA 2005

Mu Epulo 2005 kampaniyo idapereka ku bungwe lija pempho lalikulu koposa onse amene bungwelo lidalandirapo. Idafuna kudula mapuloti 975 a nyumba, ambiri a iwo m'mphepete mwa Moosehead ndi nyanja zina zazing'ono zoyandikana nayo, ndiponso kumanga malo awiri aakulu ochezera alendo. Pulani yonse idakhudza maekala oposa 400,000, ndipo idayenera kugwira ntchito kwa zaka 30.

Anthu adagawanika. Ambiri a ku Greenville ndi m'dera la Piscataquis, limene ndi limodzi la madera osauka a chigawocho, adailandira ndi manja awiri. Ntchito za matabwa zidali zitachepa, achinyamata ankasamukira ku mizinda, ana pa sukulu ankacheperachepera chaka ndi chaka, ndipo anthu ankadera nkhawa tsogolo la chipatala chawo chaching'ono. Kwa iwo nyumba zatsopano zidatanthauza ntchito za amisiri, makasitomala m'masitolo, ndi misonkho. Padalinso chifukwa china chomveka: lamulo linkalola mwini malo kudula mapuloti awiri pa zaka zisanu zilizonse popanda kuunikidwa ndi bungwe. Tsono oikira kumbuyo pulaniyo ankati kukana sikuteteza nyanja, chifukwa magombe adzadyedwabe pang'onopang'ono popanda dongosolo lililonse.

Otsutsa, motsogozedwa ndi mabungwe monga Natural Resources Council of Maine ndi Maine Audubon, ankati nyumbazo zidachuluka ndipo zidamwazikana m'malo osayenera. Chimene chimakokera alendo ku Moosehead, iwo adatero, ndi bata ndi magombe opanda mipanda. Kudzaza magombewo ndi nyumba n'kupha chinthu chomwecho chimene chikugulitsidwa. Adatchula kuipitsidwa kwa madzi, kuchuluka kwa magalimoto, ndi tsogolo la lynx, mphaka wam'tchire wofanana ndi njuzi, amene Boma la dzikolo lidamuika pa mndandanda wa nyama zotetezedwa m'chaka cha 2000. Mkangano waukulu udali pa Lily Bay, doko labata la kum'mawa kwa nyanja, loyandikana ndi paki ya Boma.

MUYESO WA LAMULO

Apa ndi pamene ntchito ya bungwe iyenera kumvetsetsedwa bwino, pakuti mamembala ake sadaitanidwe kuti awerenge mitu ya ofuna ndi okana. Adali ndi muyeso wolembedwa. Lamulo la nthawiyo linkanena kuti nyumba zatsopano zizimangidwa pafupi ndi pamene pali kale nyumba zina, pa mtunda wosapitirira mailosi imodzi poyenda pa msewu. Cholinga chake chidali choti misewu, magetsi, sukulu ndi ozimitsa moto zisamathamangitsidwe m'thengo pa ndalama za anthu onse. Mwini malo wamkulu ankatha kupempha kuti lamuloli limupatuke, koma pokhapokha ngati wapereka malo ena oti asungidwe, olingana ndi mwayi umene walandira, ndiponso ngati pulani yake ikuyendetsa limodzi chitukuko ndi kusamala nyanja mwa njira yopindulitsa anthu onse.

Pulani yoyamba idalephera muyeso umenewu m'maso mwa ambiri, pakuti mbali yaikulu ya nkhalango idalonjezedwa kusungidwa kwa zaka 30 zokha, pamene nyumba zikamangidwa zimakhala mpaka kalekale. Kampaniyo idaikonzanso m'chaka cha 2006, nkuikonzanso mu 2007. Kuyambira Disembala 2007 kufikira Januwale 2008 bungwe lidachititsa misonkhano ya anthu onse ku Greenville, ku Augusta ndi ku Portland, kumene mazana a anthu adalankhula, ndipo lidakhalanso masabata anayi likumva umboni wa akatswiri amene ankafunsidwa mafunso ngati m'bwalo la milandu.

Zitatha izi, mamembala akadatha kungovomera kapena kungokana. Sadachite chilichonse cha ziwirizi. M'chaka cha 2008 adalemba okha zosintha zimene adaona kuti pulaniyo iyenera kukhala nazo kuti ikwanire pa lamulo, nauza kampaniyo kuti izilandire kapena pempho lake ligwe. Malo ena omangapo adachotsedwa, ena adachepetsedwa. Koma mfundo yolemera koposa idali ya nkhalango. Plum Creek idali itagwirizana kale ndi mabungwe osamala zachilengedwe, makamaka The Nature Conservancy, kuti mabungwewo ailipire ndalama ndipo iyo isiye ufulu womanga pa gawo lalikulu la malo ake. Otsutsa ankati chinthu cholipiridwa sichingawerengedwe ngati mphatso. Bungwe lidamva dandauloli, koma lidaona kuti chofunika kwa anthu n'chakuti nkhalangoyo isungidwedi. Chotero lidamangirira pamodzi gawo lopereka ulele ndi gawo lolipiridwa, nililamula kuti zonse zisainidwe, zikhale zamuyaya, ndipo zisadikire kuti nyumba ziyambe zagulitsidwa.

CHIGAMULO NDI MAKHOTI

Pa 23 Seputembala 2009 bungwe lidavomereza pulaniyo. Maekala pafupifupi 17,000 adaloledwa kumangidwapo: mapuloti 821 a nyumba, ndi malo awiri ochezera alendo, amodzi pa phiri la Big Moose ndi ena pa Lily Bay, okhala ndi nyumba zina pafupifupi 1,200. Mbali inayi, maekala 363,000 adaikidwa pansi pa pangano losatha, ndiko kunena malo okula pafupifupi kawiri boma la Chiradzulu. Mwa panganolo mwini malo amapitiriza kudula mitengo motsata malamulo, anthu amapitiriza kulowamo monga mwa mwambo wakale, koma kudula mapuloti a nyumba n'koletsedwa mpaka muyaya. Woyang'anira panganolo ndi bungwe la Forest Society of Maine.

Otsutsa sadakhutire, makamaka chifukwa cha Lily Bay, ndipo adakasuma. Mu Epulo 2011 woweruza Thomas Humphrey adagamula kuti bungwe lidalakwitsa ndondomeko, pakuti litasintha pulaniyo lidayenera kuitananso msonkhano womva umboni. Koma mu Malichi 2012 khoti lalikulu la chigawo lidatembenuza chigamulocho, nilinena kuti bungwe lidachita zimene malamulo ake amalola. Mu Meyi chaka chomwecho pangano la nkhalango lidatsirizidwa.

Aliyense wogwira ntchito mu ofesi ya Boma azindikire pamenepa kuti mlanduwo udatsala pang'ono kugwa, osati chifukwa cha nzeru za chigamulo, koma chifukwa cha funso lakuti kodi anthu adamvedwa mokwanira. Ndondomeko imene imaoneka yotopetsa ndiyo imaimika chigamulo pamaso pa woweruza.

ZIMENE ZIDATSATIRA

Pamene mapepala ankayenda, dziko silidaime. Chuma cha United States chidagwedezeka koopsa m'chaka cha 2008, ndipo msika wa nyumba zopumuliramo udafota. Anthu olemera amene ankayembekezeredwa sadabwere. Mu Febuluwale 2016 Plum Creek idamezedwa ndi kampani ya Weyerhaeuser, imene mtima wake udali pa matabwa. Mu Seputembala 2019 eni atsopanowa adalembera bungwe, limene kuyambira 2012 limatchedwa Land Use Planning Commission, kuti pulaniyo sidali yothekanso ndipo ithetsedwe. Pempho lawo lidavomerezedwa mu Julayi 2020.

Sikungakhale chilungamo kubisa kuti amene ankayembekeza ntchito ku Greenville adagwiritsidwa mwala. Ena a iwo amati kuchedwa kwa chilolezo ndiko kudaphonyetsa nyengo yabwino ya malonda, ndipo dandaulo limeneli si lopanda pake, pakuti zaka zisanu ndi ziwiri ndi nthawi yaitali kwa munthu wofuna ganyu. Komabe funso lina liyenera kuikidwa pambali pake. Chilolezo chikadaperekedwa msanga m'chaka cha 2005, monga momwe chidapemphedwera, mapuloti a m'gombe akadayamba kudulidwa, misewu ikadatemedwa, ndipo kugwa kwa chuma kukadapeza ntchito ili pakati. Lonjezo la zaka 30 likadatha m'badwo womwe uno. Lero lino nyumba kulibe, kampani yopempha kulibe, ngakhale bungwe lidasintha dzina. Koma maekala 363,000 aja adakali omangidwa ndi pangano, ndipo aliyense wodzagula malowo adzawagula pamodzi ndi panganolo.

PHUNZIRO LAKE

Akuluakulu akale adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pa pempho lililonse lomanga m'mbali mwa nyanja pamakhala zinthu za mitundu iwiri. Pali malonjezo, monga ntchito, misonkho ndi alendo, amene kukwaniritsidwa kwake kumadalira msika, ndipo msika sulamulidwa ndi wopempha kapena ndi Boma. Palinso mfundo zimene zikhoza kulembedwa, kusainidwa ndi kumatidwa pa malowo ntchito isanayambe. Komiti ya mapulani ilibe mphamvu pa zoyambazo, koma pa zachiwirizi mphamvu yonse ili m'manja mwake.

Zinthu za ku Maine sizifanana m'zonse ndi za ku Malawi. Kumeneko mwini malo adali mmodzi ndipo mbali yaikulu ya gombe idali yopanda midzi. Ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhata Bay malo ambiri a m'gombe ndi a makolo, ndipo pali madoko amene asodzi amakocheza mabwato, amayi amatunga madzi ndi kuchapa, ndiponso ana amasamba. Koma funso limene limafika pa tebulo la khonsolo n'lomweli, ndipo lamulo la mapulani a malo la 2016 ndi lamulo la zachilengedwe la 2017 amapatsa akuluakulu udindo wounika ntchito zazikulu zisanayambe. Njira yopita ku madzi, doko la mudzi, ndi mtunda wosiyidwa pakati pa mpanda ndi nyanja, zonsezi ndi za m'gulu la zinthu zotheka kulembedwa pa tsiku loyamba.

Tsono kalaliki wolemba zokambirana, mkulu wa mapulani woyeza malire, ndi mphunzitsi amene makolo amam'funsa tanthauzo la chikalata chokhomedwa pa mtengo, onsewa akumbukire za Moosehead. Wopempha chilolezo akhoza kugulitsa malo, kusintha maganizo kapena kutha kumene. Nyanja ndi anthu okhala m'mbali mwake sapita kwina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wodekhayo ayenera kutuluka m'bwalo atanyamula chikalata chosainidwa.