Munthu ndi Gulu m'Mabuku Onena za Maboma Ankhanza a M'tsogolo

Pali mtundu wa nkhani zopeka umene umafotokoza dziko la m'tsogolo kumene olamulira amati mavuto onse anatha, chonsecho anthu ali pa ukapolo. Mkangano waukulu m'mabuku otere ndi wakuti: kodi moyo wa munthu ndi wake, kapena ndi wa gulu?

Buku limene linalambula njira ndi We, lolembedwa ndi Yevgeny Zamyatin wa ku Russia cha m'ma 1920 ndi 1921. Zamyatin anali injiniya wa sitima zapamadzi, ndipo anagwirapo ntchito ku Newcastle, ku England, kumene anaona mmene fakitale imayendetsera anthu ndi wotchi. Atabwerera kwawo anaonanso chipani cha Bolshevik chikutseka pakamwa otsutsa. Zonse ziwiri zinalowa m'bukuli, choncho n'kulakwitsa kuliwerenga ngati lodzudzula chikomyunizimu chokha. Boma la Soviet Union linalikana. Linayamba kutuluka m'Chingelezi ku New York mu 1924, ndipo kwawo linasindikizidwa mu 1988, mwini wake atafera kale ku Paris mu 1937.

M'dziko la bukuli anthu alibe mayina, ali ndi manambala. Wofotokoza nkhani ndi D-503, katswiri wa masamu amene akumanga chombo chopita kuthambo. Nyumba ndi zagalasi kuti pasakhale chobisika. Onse amadzuka, kudya ndi kuyenda pa nthawi imodzi, ndipo ngakhale kugonana kumafuna tikiti. Chochititsa chidwi n'chakuti D-503 sadandaula. Amanyadira dongosololi, ndipo pamene wakopeka ndi mkazi woukira boma, I-330, n'kuyamba kulota maloto, iye amaziona ngati matenda. Pomaliza boma limamuchita opaleshoni yochotsa mphamvu yolingalira zinthu m'maganizo. Akachira amaulula anzake, n'kumaonerera mkazi uja akuzunzidwa, mtima uli zii.

Olemba otsatira anagawanika. Ayn Rand, mu Anthem ya mu 1938, anaika mlandu wonse pa gulu: munthu wake amathawira kunkhalango n'kudzipeza yekha, ndipo nkhani imathera pa kutamanda munthu payekha, ngati kuti munthu safuna gulu. Yankho lake ndi lophweka mopitirira. Aldous Huxley, mu Brave New World ya mu 1932, anaonetsa anthu ogonjetsedwa ndi zosangalatsa, osati chikoti.

George Orwell, amene analemba ndemanga ya We mu 1946 asanatulutse Nineteen Eighty-Four mu 1949, anapenya mozama kuposa pamenepo. Iye ankakhulupirira sosholizimu mpaka imfa yake, kotero sankadana ndi umodzi. Wowerenga amene anakula akumva kuti kali kokha n'kanyama angaganize kuti mabukuwa amanyoza kukhalira pamodzi, koma chimene boma la m'buku la Orwell limaphwanya poyamba ndi ubale weniweniwo. Ana amaphunzitsidwa kuneneza makolo awo kupolisi. Mwamuna ndi mkazi saloledwa kukondana. Khamu limene limasonkhana tsiku lililonse kukuwiza mdani wa chipani cholamula ndi la anthu oopana, aliyense ali yekhayekha. N'chifukwa chake ozunza Winston Smith, mwininkhani wa bukuli, sakhutira atavomera milandu yonse. Amamumasula pokhapokha atapempha yekha kuti chilango chake chigwere Julia, mkazi amene ankamukonda.