Ana asukulu a ku Melbourne, magorila a ku Congo ndi kafoni kali m'kabati mwanu

Ku Melbourne, m'dziko la Australia, kuli ana asukulu omwe amatengera mafoni kusukulu popanda mantha oti aphunzitsi awalanda. Ndi mafoni otha ntchito, ena osweka galasi, ena osayaka n'komwe, omwe anawo amatolera kwa makolo, azakhali ndi anansi. Amawaponya m'bokosi, ndipo bokosilo likadzaza amalitumiza ku bungwe la Zoos Victoria, lomwe limayendetsa malo osungirako nyama mumzindawo. Onsewa akuchitira anyani akuluakulu otchedwa gorila, omwe amakhala m'nkhalango za kum'mawa kwa Congo, mtunda wa makilomita oposa 10,000 kuchokera kwawoko.

Mwina mukufunsa kale kuti gorila ndi foni zikukhudzana pati, poti nyani saimba foni. Nanenso funso limeneli ndi lomwe lidandikoka, ndipo yankho lake likukhudza foni yomwe mukuwerengerapo nkhaniyi.

Mwala womwe uli m'thumba mwanu

M'kati mwa mafoni ndi zipangizo zina zamagetsi muli tizitsulo ting'onoting'ono tosunga mphamvu ya magetsi, topangidwa ndi chitsulo chotchedwa tantalum. Chitsulochi chimachokera ku mwala wotchedwa coltan, ndipo wambiri umakumbidwa kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo. M'chaka cha 2000 mtengo wa coltan udakwera modzidzimutsa, anthu zikwizikwi nathamangira kunkhalango ndi mafosholo. Ena adalowa mpaka m'nkhalango yotetezedwa ya Kahuzi-Biega, kufupi ndi mzinda wa Bukavu, komwe n'kwawo kwa mtundu wa gorila wotchedwa Grauer.

Munthu akakhala miyezi m'nkhalango amafuna ndiwo, amafunanso nkhuni. Mitengo idagwa, nyama zidasakidwa, gorila naye adalowa mumphika. Lipoti lomwe lidatuluka mu 2016 lidati magorila a mtunduwu adatsika kuchoka pa 17,000 m'zaka za m'ma 1990 kufika pa 3,800. Kalembera wina wa 2021 adapeza kuti alipo pafupifupi 6,800, zomwe zidapatsa anthu mpumulo pang'ono, komabe nyamazi zikadali pamndandanda wa zomwe zili pafupi kutheratu.

Ndipo ovutika si nyama zokha. Migodi ya ku Rubaya, ku North Kivu, yomwe imatulutsa gawo lalikulu la coltan wa padziko lonse, idagwa m'manja mwa zigawenga za M23 mu 2024. Ndalama za mwala umenewu zakhala zikugula mfuti kwa zaka zambiri, pomwe okumba ake amalowa m'maenje osatetezeka kuti apeze ya ufa.

Zomwe ana adachita

Ntchito yotolera mafoni ku Melbourne idayamba mu 2008 pansi pa dzina loti They're Calling on You, ndipo Jane Goodall, mayi wodziwika pa kafukufuku wa anyani ku Gombe m'dziko la Tanzania, adathandiza kuikhazikitsa. Mayiyu, yemwe adamwalira mu Okutobala 2025, ankakhulupirira kwambiri achinyamata. Gulu lake la Roots & Shoots adaliyamba mu 1991 ku Dar es Salaam ndi ophunzira 12 okha.

Akatswiri a pa University of South Australia adawerengera zomwe ntchito ya ku Melbourne idakolola, napeza kuti pakati pa 2009 ndi 2014 padasonkhanitsidwa mafoni 115,369. Omwe akadali ndi moyo amakonzedwa n'kugulitsidwanso, otheratu amaphwasulidwa kuti achotsemo zitsulo. Ndalama zake zimapita kwa anthu oteteza magorila, kuphatikizapo madokotala a bungwe la Gorilla Doctors omwe amalowa m'nkhalango kukachiza nyama zodwala kapena zokodwa m'misampha.

Chomwe chimandisangalatsa pa nkhaniyi n'chakuti mwana amatha kuchita chomwe chikwangwani cha pamsewu chimalephera. Wamkulu angawerenge uthenga kakhumi, foni n'kukhalabe m'kabati. Koma mwana akabwera kuchokera kusukulu n'kunena kuti, "Amayi, kafoni kanu kakale kaja mundipatse, mawa tikupereka," samakusiya mpaka utsegule kabatiyo.

Ku Japan nako ana asukulu adatengapo mbali pomwe dzikolo linkakonzekera masewero a Olympics a ku Tokyo. Kuyambira Epulo 2017 mpaka Malichi 2019, anthu adapereka zipangizo zakale zamagetsi m'mabokosi omwe adaikidwa m'masitolo, m'maofesi ndi m'masukulu. Kampani ya NTT Docomo yokha idalandira mafoni pafupifupi 6.21 miliyoni. M'zonsezo mudatuluka makilogalamu 32 a golide, 3,500 a siliva ndi 2,200 a mkuwa, okwanira kupangira mamendulo onse, pafupifupi 5,000.

Pomwe bokosi limalekezera

Tinene chilungamo apa. Foni imodzi ili ndi golide wochepa kwambiri, pafupifupi magalamu 0.03, moti musaganize zoiphwanya ndi hamala kuti mulemere. Komanso tantalum amene adayambitsa nkhani yonseyi ndi wovuta kumuchotsa. Mafakitale osungunula mafoni amapezamo golide, siliva ndi kopa, koma tantalum wambiri amatayika limodzi ndi zotsalira. Choncho foni yoponyedwa m'bokosi siyitseka mgodi ku Congo. Phindu lalikulu limabwera foni ikakonzedwa n'kupeza mwini watsopano, chifukwa ameneyo sagulanso ina ya m'katoni. Mpweya woipa wambiri womwe foni imabweretsa padziko, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, umatuluka poipanga, isanafike n'komwe m'manja mwa wogula.

Pamenepa ndiye ife a kuno sitili m'mbuyo. Kwathu foni siyifa msanga: imachoka kwa achimwene kupita kwa mlongo, kenako kwa agogo kumudzi kuti azilandirira ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money. Ikadwala timapita nayo kumsika kwa anyamata okonza mafoni, omwe amachotsa sikirini pa ina kuika pa inzake mpaka iyake. Zomwe anzathu akunja akuphunzitsa ana awo m'kalasi, ife umphawi udatiphunzitsa kalekale.

Vuto lathu lili kumapeto. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 lidati dziko lonse lidatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala zamagetsi mu 2022, ndipo 22.3 peresenti yokha ndi yomwe idasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso mwadongosolo. Mu Africa chiwerengerocho sichidafike ngakhale 1 peresenti. Zotsalazo zimathera kudzala, m'chimbudzi kapena pamoto. Ndaonapo batire la foni likuphulika pamulu wa zinyalala zoyaka, ana akusewera chapafupi. Utsi wa mapulasitiki ndi mawaya oyaka ndi poizoni, ndipo mtovu womwe umapezeka m'zipangizo zambiri zakale umaononga ubongo wa mwana yemwe akukula.

Nkhani ya migodi nayo siili kutali nafe. Ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli miyala ya niobium ndi tantalum, yomwe kampani ya ku Australia ya Globe Metals & Mining yakhala ikukonzekera kukumba. Tsiku lina kachitsulo kochokera ku Mzimba kadzakhala m'foni ya munthu wa ku Tokyo, ndipo mafunso okhudza madzi, minda ndi anthu osamutsidwa tidzakhala tikufunsa ndife.

Poyambira pake

Anthu ambiri omwe ndimacheza nawo sasunga foni yakale chifukwa choikonda ayi. Amaopa zomwe zili m'katimo: zithunzi, mauthenga a pa WhatsApp, manambala achinsinsi a kubanki. Manthawo ndi omveka. Musanapereke foni kwa aliyense, sungani zithunzi zanu kwina, tulukani mu akaunti ya Google kapena iCloud, chotsani SIM khadi ndi memory card, kenako pangani factory reset. Ngati batire lafufuma, musalibowole kapena kuliponya pamoto. Liikeni pamalo ozizira, kutali ndi ana ndi mbaula.

Foni yomwe ikuyakabe ipatseni m'bale kapena igulitseni. Yakufa, okonza mafoni ambiri amagula kuti achotsemo masipeya, ndipo n'kwabwino kusiyana ndi kuitaya kudzala.

Kwa inu amene muli ndi mng'ono wanu kusekondale, kapena ndinu aphunzitsi, dziwani kuti masukulu ambiri ali kale ndi makalabu a zachilengedwe, ena mothandizidwa ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi. Amadzala mitengo, amasesa. Bokosi la mafoni likhoza kulowa pamenepo, ndipo 14 Okutobala, tsiku lokumbukira zinyalala zamagetsi padziko lonse, ndi labwino kuyambirapo. Koma asanaike bokosilo, ophunzira ayambe apeza yemwe adzalandire katunduyo, n'kumufunsa komwe amapititsa mabatire ndi zotsalira. Ana a ku Melbourne zidawayendera chifukwa ankadziwa komwe bokosi likupita. Bokosi lopanda kopita limangosamutsa zinyalala kuchoka m'kabati kupita kustolo ya sukulu, mapeto ake alonda adzaziotcha kuseri kwa kalasi.

Paja amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Werengani mafoni akufa omwe ali m'nyumba mwanu usiku uno, mufunsenso anzanu asanu. Chiwerengero chomwe mupeze chikuuzani kukula kwa bokosi lomwe sukulu ya kwanu ikufunika.