Za Kupaka Matabwa

Mmisiri akatha kukhoma tebulo, ntchito siinathe ayi. Thabwa losapaka limwa chinyontho cha dzinja ndi kufufuma, ndipo m'chilimwe ling'aluka.

Zopaka zilipo ziwiri. Utoto ulowa m'thabwa nusintha maonekedwe ake, koma sutchinga madzi. Vanishi ndiye akhala pamwamba monga khungu loonekera, nasunga thabwalo.

Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yofiirira kale. Kuipaka utoto ndiko kubisa kukoma kwake. Ifuna vanishi yekha. Koma paini ndi woyera, ndipo samwa utoto mofanana ponseponse. Chifukwa chake mmisiri wanzeru wa ku Namitete ayamba wayesa pa kachidutswa kotsala. Akakondwa nawo maonekedwewo, apaka tebulo lonse, nadikira liume. Pamenepo apaka vanishi mopyapyala kawiri kapena katatu.

Wofulumira aononga tsiku limodzi ntchito ya mwezi wathunthu.