Khasu Lisakhale Chilango

Aphunzitsi anzanga, pali chizolowezi chimene chazika mizu m'sukulu zathu. Mwana akachedwa kapena akasokosa m'kalasi, timam'patsa khasu kuti akalime mizere isanu kumunda wa sukulu. Kodi mwana wotereyu adzalikonda bwanji khasu akadzatsiriza maphunziro? Pakamwa timati chuma chiri m'nthaka, koma pa zochita tikumuuza kuti kulima ndi ntchito ya olakwa.

Chonsecho mundawo ndiwo malo amene mwana amadzionera yekha zimene timalemba pabolodi. Amayeza mizere yotalikirana masentimita 75, nabzala njere imodzi ya chimanga paphando, mapando otalikirana masentimita 25. Amaona nandolo ndi mtedza zikubwezera chonde m'nthaka, ndi mapesi, amene kwathu timangowatentha, akusanduka manyowa. Ngakhale masamu, amene ambiri amawaopa, amamveka msanga ana akamayeza ndime ndi kuwerengetsera mtengo wa feteleza.

Munda woterewu si wa ana okha. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana adachuluka, ambiri akubwera osadya kanthu. Bungwe la Mary's Meals lidayamba kuwapatsa phala mu 2002, ndipo m'sukulu zina makolo amalima okha soya ndi chimanga cha phala pamalo amene mfumu yapereka. Koma makolowo amagwa ulesi akapanda kudziwa kumene zokolola zalowera. Choncho matumba onse ndi ndalama za ndiwo zamasamba zilembedwe m'buku, ndipo komiti ya sukulu iziwerenga bukulo pamsonkhano wa makolo.