KODI BOMA LOSANKHIDWA NDI ANTHU LINGASANDUKE LOPONDEREZA?

Pa mikangano ya ndale, makamaka ku Ulaya ndi ku America, pali dzina limodzi limene anthu amaponyerana kawiri-kawiri monga mwala. Dzinalo ndilo "Fasisti." Wina akakwiya ndi nduna imene yakweza msonkho amaicha Fasisti, ndipo ndunayo nayonso imabweza dzina lomwelo kwa amene akuinyoza. Koma dzina likamachulidwa pa kanthu kali konse limatha mphamvu, kotero kuti tsiku limene cirombo ceni-ceni cifika palibe amene adzidzimuka. Ncifukwa cace nkoyenera kudziwa kumene dzinali linacokera, ndiponso zizindikiro zimene munthu wamba angaonere ngati Boma lace layamba kupondereza anthu.

Kumene dzinali linacokera

Kale ku Rome akulu a milandu anali ndi anyamata owanyamulira mtolo wa ndodo, womangidwa pamodzi ndi nkhwangwa, wosonyeza mphamvu ya kukwapula ndi kupha. Mtolowo unkachedwa fasces. Benito Mussolini wa ku Italy anayambitsa gulu lace mu mzinda wa Milan m'caka ca 1919, natenga mtolowo kukhala cizindikiro cace. Anyamata ace obvala malaya akuda ankamenya atsogoleri a anchito ndi kutentha maofesi ao. Mu October 1922 anthu ace anasonkhana kuti alowe mu Rome, ndipo Mfumu Victor Emmanuel III, m'malo mowaletsa ndi asilikari, inamuika Mussolini kukhala nduna yaikulu.

Cofunika kucizindikira ndi cakuti iye sanatseke Nyumba ya Malamulo tsiku lomwelo. Mu 1923 anapangitsa lamulo lakuti cipani copambana zinzace, cikangopeza gawo limodzi mwa magawo anai a mavoti, cidzalandira magawo awiri mwa magawo atatu a mipando yonse. Citatha cisankho ca 1924, phungu wina dzina lace Giacomo Matteotti anaimirira m'Nyumbayo naulula cinyengo ndi ciwawa zimene zinacitika. Patapita masiku owerengeka anagwidwa ndi a Fasisti naphedwa. Pofika 1926 zipani zina zonse zinali zitaletsedwa, kunyanyala nchito kunasanduka mlandu, ndipo bungwe la anchito lobvomerezeka linali la a Fasisti lokha.

Ku Germany zinthu zinayenda mofanana, koma mwamsanga. Adolf Hitler anaikidwa pa mpando pa 30 January 1933 monga mwa lamulo la dzikolo. Nyumba ya Malamulo itapsya ndi moto mu February, Boma linacotsa ufulu wa kulankhula ndi wa kusonkhana. Pa cisankho ca mu March cipani cace cinapeza mavoti 44 okha mwa mavoti 100 ali onse, komabe pa 23 March aphungu anampatsa mphamvu ya kupanga malamulo popanda iwo. Pa 2 May maofesi a mabungwe a anchito analandidwa, ndipo mu July zipani zina zinaletsedwa. Anthu a kumigodi aone bwino pamenepa: m'maiko onse awiriwo mabungwe a anchito anali pakati pa oyamba kuthyoledwa, pakuti anthu ogwirizana pa nchito ali ndi mphamvu ya kukana.

Ulamuliro umenewu unafikanso mu Africa. Mu 1935 Mussolini anathira nkhondo dziko la Ethiopia naponya mpweya wakupha pa anthu ace. Mu August 1940 asilikari a Northern Rhodesia Regiment, ocokera m'midzi ya dziko lino, anamenyana ndi ankhondo a Italy pa Tug Argan ku Somaliland.

Njoka ndi mphiri

Mphiri iri yonse ndi njoka, koma si njoka iri yonse imene iri mphiri. Momwemonso Fasizimu ndi mtundu umodzi cabe wa ulamuliro wopondereza. Ulamuliro wopondereza ndi uli wonse umene wolamulira sangathe kuletsedwa ndi lamulo kapena kucotsedwa ndi anthu. Wolamulira wotere kawiri-kawiri amangofuna kuti anthu akhale cete, apite ku nchito, asiye za ndale.

Fasizimu imafuna zoposa pamenepo. Imaphunzitsa kuti mtundu unali waukulu kale, koma unagwetsedwa ndi adani okhala pakati pace, monga Hitler ananamizira Ayuda mpaka anapha okwanira ngati 6 miliyoni. Imati mtsogoleri mmodzi ndiye pakamwa pa mtundu wonse ndipo sangalakwe. Imakhala ndi gulu la cipani lomenya anthu m'miseu apolisi akuyang'ana. Imatamanda nkhondo. Ndiponso siilola munthu kungokhala cete: ana, amai ndi anchito onse ayenera kulowa m'magulu a cipani ndi kuomba m'manja. Pamene zinthu izi zapezeka pamodzi, dzina la Fasizimu liyenera. Pamene palibe, dzinalo lingakhale lolakwa, ngakhale kuti njoka ina ingakhalepo ndithu.

Njira ya masiku ano

M'maiko ambiri tsopano wofuna kupondereza sabvala malaya akuda, ndipo saletsa cisankho. Amasiya bokosi la mavoti pamalo pace, koma amakonza bwalo kuti anzace opikisana naye abvutike kupambana. Citsanzo cimene ophunzira za ndale acifufuza kwambiri ndi dziko la Hungary.

Mu 2010 cipani ca Fidesz, cotsogozedwa ndi Viktor Orbán, cinapambana cisankho cacilungamo ndi mavoti oposa theka, nicilandira magawo awiri mwa atatu a mipando. Ndi mphamvu imeneyo cinalemba malamulo atsopano oyendetsera dziko, amene anayamba kugwira nchito mu January 2012. Msinkhu wopumira nchito wa oweruza milandu unatsitsidwa kucokera pa zaka 70 kufika pa 62, ndipo oweruza oposa 200 anayenera kucoka. Bwalo lalikulu la European Union linagamula mu November 2012 kuti zimenezi zinaswa lamulo. Mipando ya aphungu inacepetsedwa kucokera pa 386 kufika pa 199, malire a madera oimirira nalembedwanso. Mu 2014 cipanico cinapeza mavoti ngati 45 mwa 100 ali onse, koma cinatenga mipando 133. Mu 2018 manyuzipepala, mawailesi ndi zina zofalitsa nkhani zoposa 400 zinaperekedwa ku bungwe limodzi loyanjana ndi Boma.

Mu September 2022 Nyumba ya Malamulo ya European Union inanena kuti Hungary sanalinso demokalase yeni-yeni, koma dziko lopondereza lokhala ndi zisankho. Boma la Orbán linakana, niliti anthu ndiwo analisankha. Nzoona kuti zipani zotsutsa sizinaletsedwe, ndipo mu 2019 zinapambana umeya wa Budapest, cinthu cimene sicikanatheka pansi pa Mussolini. Kotero kucha Boma lija Fasisti kukadakhala kupitirira. Koma kunena kuti zonse zinali bwino popeza anthu ankaponya voti kukadakhala kudzinyenga. Sitepe iri yonse payokha inaoneka yaing'ono. Akale anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Mafunso anai

Munthu wofuna kuyesa Boma liri lonse, la cipani cace kapena ca mnzace, angafunse mafunso anai.

Loyamba: kodi olamulira angathe kugonja pa cisankho, ndipo atagonja angacoke? Laciwiri: kodi woweruza milandu angagamule motsutsana ndi Boma, nakhalabe pa nchito yace, cigamulo cace nicitsatidwa? Lacitatu: kodi nyuzipepala ndi wailesi zingaulule zolakwa za nduna osatsekedwa kapena kugulidwa? Lacinai: kodi anchito, a machalichi ndi a zipani zotsutsa angasonkhane nasankha atsogoleri ao popanda kuopsezedwa?

Boma likakweza msonkho, likapanga lamulo lowawa, kapena likalankhula mwamwano, lingakhale loipa kapena lopusa, koma ngati mayankho a mafunso anaiwa ali "inde," mankhwala ace alipo, ndiwo cisankho cotsatira. Koma likayamba kucha otsutsa ace adani a dziko, ndi kucotsa amene angaliletse mmodzi-mmodzi, pamenepo matenda afika pa mankhwala omwewo. Mutu ukakula sulewa nkhonya; mtsogoleri wosafuna kudzudzulidwa wayamba kale kuiwala amene anamuika.

Zimene maiko a kuno anaona

Anthu a ku Zambia ndi ku Malawi safunika kupita ku Ulaya kukaphunzira zonsezi. Malawi anakhala dziko la cipani cimodzi mu 1966, ndipo mu 1971 Dr. Banda anaikidwa kukhala Pulezidenti wa moyo wace wonse. Zambia analowa m'cipani cimodzi mu December 1972. Zonsezi zinadzera m'Nyumba ya Malamulo. Ku Zambia mabungwe a anchito, pamodzi ndi a kumigodi, anakana kumezedwa ndi cipani, ndipo mtsogoleri wao Frederick Chiluba anatsekeredwa mu 1981. Zipani zambiri zitaloledwanso mu December 1990, Dr. Kaunda anagonja pa cisankho ca October 1991 nacoka mwamtendere. Amalawi anasankha zipani zambiri mu June 1993, ndipo mu February 2020 oweruza asanu anafafaniza cisankho ca Pulezidenti ca 2019, nalamula kuti cicitikenso.

Pa nkhani zonsezi cimene cinabweza ufulu cinali mabungwe amene anakana kugonja: anchito, machalichi, oweruza ndi olemba nkhani. Voti imaponyedwa kamodzi pa zaka zisanu, koma mabungwe amenewa afunika kusamalidwa masiku onse, pakuti ciswe cimalowa m'mphasa yongoimika. Munthu wopita ku msonkhano wa bungwe lace, wofunsa phungu wace za ndalama za dziko, ndi wokana kuti mnzace wa cipani cina atsekedwe pakamwa, ndiye mlonda wa ufulu wace womwe. Pakuti lamulo limene litseka pakamwa pa mdani wace lero lidzakhalapobe tsiku limene mdaniyo adzalowa m'Boma.