Kuongola Kamenyedwe ka Mpira wa Softball

Ku dziko la America kuli masewera otchedwa softball, amene ana a sukulu, makamaka atsikana, awakonda ndithu. Masewerawa anayamba m'mzinda wa Chicago chaka cha 1887, pamene munthu wina, dzina lake George Hancock, anatenga chovala cha m'manja cha omenyana nkhonya, nachimanga ndi zingwe zake kuti chikhale ngati mpira, ndipo anzake anachimenya ndi mpini wa tsache. Lero amenyera ndodo yosalala yonga chibonga, ndipo mpira wake ndi wolimba, waukulu ngati dzaye.

Kasewero kake nkotere: wina aponya mpira, mkono wake ukudzera m'munsi pafupi ndi ntchafu, ndipo wina auyembekeza ndi ndodo kuti aumenye ndi kuthamanga. Akauphonya katatu, watuluka, napatsa malo mnzake. Pa masewera a akazi aakulu woponya aima patali mapazi 43, ndipo mpira wa woponya waluso ufika lisanathe theka la sekondi. Chifukwa chake womenya alibe nthawi yotaya.

Pali cholakwa chimodzi chimene ana ambiri agwamo poyamba. Mwana akaona mpira ulinkudza, atambasula manja ake msanga, nawataya kutali ndi thupi, monga msodzi aponya chingwe cha mbedza. Atero poyesa kuti mphamvu ili m'mikono. Koma potero ndodo iyenda njira yaitali yozungulira, nifika mochedwa. Anthu awiri akapita kuchitsime, wina nalunjika, wina nalambalala munda, wolunjikayo ayamba kufika. Momwemonso ndodo yolambalala ipeza mpira utapita kale; kapena ikaukhudza, iukhudza pafupi ndi chigwiriro, manja nachita dzanzi, mpira nugwera pafupi. Mwana wotere akaphonya masiku ambiri achita manyazi pamaso pa anzake, ndipo ena aleka masewerawo, nati, iwo sanabadwe nalo luso.

Mphunzitsi wanzeru safulumira kudzudzula. Ayamba waima pambali, napenyetsetsa mapazi, chiuno ndi manja a mwanayo kufikira wapeza pamene payambira cholakwa. Ayesanso kulemera kwa ndodo, pakuti ndodo yolemera koposa msinkhu wa mwana ikoka manja ake kunja. Ikakhala yotero ampatsa yopepuka. Ndipo angakhale aone zolakwa zitatu, atchula chimodzi chokha, popeza mwana womuuza zambiri nthawi imodzi aiwala zonse.

Pamenepo apita naye kumpanda wa waya wozinga bwalo. Mwanayo ayang'ana mpandawo, naika tsinde la ndodo pamchombo pake, nsonga yake ikhudze waya. Apo ndipo poima pake. Tsono aimirira monga womenya, nazunguza ndodo pang'onopang'ono, popanda mpira. Akataya manja kunja, ndodo igunda waya, namva yekha kuti walakwa, wopanda munthu womuuza. Koma akasunga chigongono cha kumbuyo pafupi ndi nthiti, natembenuza chiuno choyamba, manja natsogola, nsonga ya ndodo nitsata pambuyo, ndodoyo ipita bwino osakhudza kanthu. Apa mwana azindikira kuti mphamvu ichokera m'miyendo ndi m'chiuno, ndi kuti mikono ingoipereka ku ndodo.

Atazolowera ichi, mphunzitsi aika mpira pamwamba pa chikhomo chofika m'chiuno, kuti mwana amenye mpira wosayenda. Pambuyo pake agwada pambali patsogolo pang'ono, namponyera mpira mofatsa. Potsiriza pake ndipo abwerera kwa woponya weniweni. Akafulumira kumbwezera ku mpira wothamanga, mantha adzutsa chizolowezi chakale, ntchito yonse niwonongeka.

Ntchito imeneyi siitha tsiku limodzi. Masiku oyamba mwana aona ngati kamenyedwe katsopano nkovuta koposa kakale, ndipo nthawi zina aphonya koposa kale. Apa mpamene afuna mphunzitsi woleza mtima, womyamika pa kuyendetsa bwino manja angakhale mpira sunapite patali. Kuyesa pang'ono tsiku ndi tsiku kupambana kuyesa kwambiri kamodzi pa sabata, pakuti thupi liphunzira mwa kubwereza, monga dzanja la mwana lizolowera kulemba.

Akulu anati, kuongola mtengo mpoyamba. Cholakwa chimene mwana wachichita miyezi iwiri chichoka msanga, koma chimene wakula nacho zaka zisanu chikanika. Chifukwa chake mwana wophonya asabise kulephera kwake kapena kuthawa bwalo, koma apite kwa mphunzitsi wake, napemphe kuti amuone pamene alikumenya.