Mdima ndi zikondwerero ku Uppsala

Abale ndi alongo amene ana anu akupita kukaphunzira ku Uppsala, m'dziko la Sweden, auzeni kuti mu December dzuwa limalowa nthawi ya 15:00 isanakwane. Mdima wautaliwo umasungulumwitsa mlendo, koma miyambo ya kumeneko imasonkhanitsa anthu.

Pa 13 December, tsiku la Lucia, makwaya ovala zoyera amaimba m'machalichi atanyamula makandulo. Pa 30 April pamakhala Valborg, cikondwerero cotsazika nyengo yozizira. Ophunzira amayandama pa mtsinje wa Fyris m'timabwato todzipangira, ndipo madzulo anthu amasonkha moto waukulu.

Tsikulo mowa umaculuka, conco mwana wanu apite ndi anzake odalirika. Angawapeze m'magulu 13 a ophunzira ochedwa nations, amene amalandiranso ocokera kunja.